Chaka chimene chiwongolero chinkanjenjemera

Fungo la mphira wowawuka ndi dzuwa likandipeza, ndimabwerera ku Soche, pabwalo lathu la fumbi lofiira, m'miyezi yotentha mvula isanagwe. Ndinali mu Sitandade 3. Mango anali atayamba kupsa, nyenje zinkalira mpaka makutu kuwawa, ndipo pansi pa mtengo wa mapeyala pankaima galimoto ya ababa, yakale, yoyera mofwifwa, ya mtundu woyenda m'matope.

Ababa ankagwira ntchito yosunga katundu pasitolo ina ku Limbe. Galimotoyo anaigulira chinthu chimodzi. Bambo awo, agogo athu aamuna, ankakhala kutsidya kwa malire, kuseri kwa Milanje, ndipo anali ndi chilonda cha pamwendo chosapola. Pankafunika kukawatenga kuti abwere kuchipatala kuno. Koma msewu wa kumudziko, mvula ikangokhazikika, unkasanduka phala. Ndiye ababa anaikweza galimotoyo pa masipiling'i n'kugula matayala akuluakulu a kaunjika, a mano ngati a ng'ona. Ndikaima pambali, tayala linkandifika pachifuwa. Anzanga ankabwera kudzaligwira, ine n'kumawalola mmodzimmodzi ngati ndi langa.

Tsiku loyesa tinakwera tonse. M'mabampu a kwathu inkayenda modzitama. Titalowa pa tala wopita ku Limbe, ababa atangopondako pang'ono, chiwongolero chinayamba kunjenjemera. Manja awo ankagwedezeka mpaka m'mapewa, wotchi ikuvina pamkono. Akachepetsa liwiro, zii. Akawonjezera, chayambanso. Amayi anagwira korona wopachika pagalasi n'kunena kuti, "Bambo a Mena, tibwezeni kunyumba. Iyi si yotengera munthu wodwala." Ine mumtima ndinkati galimoto yathu yadwala malungo.

Anzeru anachuluka. Makaniko wina wa pamsika anati asinthe zitsulo zonse za kutsogolo nthawi imodzi. Mayi woyandikana nafe ananong'oneza amayi kuti ndi nsanje za anthu. Bambo aang'ono a Zuze, mng'ono wawo wa ababa, ndiwo anali ndi mtima wapachala. "Achimwene, njenjenje ameneyu ndi wa pa tala basi. Kumudzi kuli tala? Tiyeni mawa, madala akuvutika." Ababa anawamvetsera onsewa akupukuta manja pa kansanza. Yankho lawo linali limodzi: "Tikasintha zonse pamodzi, tidziwa bwanji chimene chinalakwa?"

Ndiye anayamba, chinthu chimodzi tsiku limodzi, akaweruka dzuwa lisanalowe. Ankaikweza pa jeke, kugwira tayala pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza, khutu lili pafupi ngati akumvetsera mimba ya mwana. Tsiku lina amayi anakhala pachiwongolero, chitenje atachikwinya, n'kumapotoza uku ndi uku ababa atagona pansi pa katoni kuyang'ana chitsulo chimene chikusewera. Panalibe. Anamanga manati onse, anayeza mpweya, anapala matope ouma m'kati mwa malimu, zitsulo zovekapo matayala, ndi mpeni wakale wa kukhitchini. Akamaliza chimodzi, ankatuluka kukayesa pa tala pomwe paja, n'kubwera chiwongolero chikunjenjemerabe.

Uku mitambo inkaunjikana pamwamba pa phiri la Soche. Kamvula koyamba kanawaza, dothi linanunkhira, ngumbi zinatuluka. Kunabwera uthenga woti agogo asiya kuyenda. A Zuze anasiya kulowa m'nyumba mwathu, ankangoima pampanda n'kumayang'ana kumwamba mokweza mapewa.

Loweruka lina ababa analemba matayala onse ndi choko changa cha kusukulu kuti asawasokoneze. Anachotsa la kutsogolo kumanzere n'kulisinthanitsa ndi la kumbuyo. Tinakayesa, chimodzimodzi. Atabwerera anasinthanitsa la kumanja, thukuta likudontha pachibwano. Ulendo umenewo ndinakhala kumbuyo ndekha. Titafika pa tala, chiwongolero chinangoti phee m'manja mwawo, koma mpando wanga unayamba kudumphadumpha. "Ababa, nthenda ija yasamukira kuno! Ikundigwedeza matako!" Anaseka mpaka kuimika galimoto pambali pa msewu. Ndinali ndisanawamve akuseka chiyambire mwezi umenewo.

Tayalalo analitengera kwa wokonza matayala wa pansi pa mtengo wa jakaranda. Atalivula pa limu, m'kati munapezeka chigamba chachikulu, chochindikala ngati chikhatho, chodulidwa ku tayala lina. Chinamatidwa mbali imodzi kubisa pamene panang'ambika, ndipo kunja sikunkaoneka kanthu. Mbali imeneyo inkalemera, ndiye tayala likamathamanga linkakoka. Wokonzayo analowetsa chala pong'ambikapo n'kupukusa mutu. "Bwana, ili likanakuphulikirani pa zokhotakhota za ku Thyolo." A Zuze analipo. Anatola chigambacho, kuchitembenuza kawiri, n'kuchiika pansi pang'onopang'ono.

Ababa anapeza tayala lina, ndipo onse anayi anakawayezetsa pa makina ku Limbe, kumene anawamata titsulo ting'onoting'ono m'mphepete mwa limu kuti alemere mofanana. Ananyamuka mbandakucha awiriwo, ababa ndi a Zuze. Anabwera mawa lake mvula ikukhuthuka, matope mpaka m'magalasi, agogo ali kutsogolo atafunda bulangete, ali mtulo. Mwendo uja madokotala sanaudule.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti ababa alibe changu, kuti amangokonda kusewera ndi galimoto yawo pamene a Zuze ndiwo akumva chisoni. Lero ndili ndi ana anga, ndipo wamng'onoyu akangotsokomola moipa, miyendo imafuna kuthamanga mutu usanaganize. Ndi pamene ndimadziwa kuti wodwala uja anali bambo awo a ababa, owabereka, kuti mitambo ija nawonso ankaiona, ndipo ankagwadabe pa fumbi paja n'kumasula nati imodzi, kenako inzake.