Kabotolo ka magazi m'firiji mwathu

Zomwe ndikuuzenizi si nthano ayi, zinandichitikira ine ndemwe dzuwa likuswa mtengo, ndipo amene akukayika akafunse kukomboni kwathu ku Libuyu za dalaivala wa takisi yemwe anatsala pang'ono kuwotchedwa ndi tayala chifukwa cha magazi a m'thupi mwake momwe. Mayina sinditchula, poti ena mwa omwe ananditolera miyala tsikulo timapatsanabe moni m'mawa uliwonse.

Kwathu ndi kum'mawa, koma ndakhalitsa mu Livingstone muno, ndipo kutchalitchi ndine mkulu wa mpingo, munthu woti mowa sindinaulawepo chibadwire. Tsiku lina m'nyengo yotentha, mayi wina anandihaya pafupi ndi Mukuni Park kuti ndimunyamulire katundu wa paukwati, ndipo pakatundupo panali zigubu za mowa wamasese. Ndinang'ung'udza, koma ntchito ndi ntchito. Kumbuyo kutadzaza, chigubu chimodzi tinachikhazika pampando wakutsogolo, ndipo inu odziwa mukudziwa mmene masese amafufumira akamva kutentha. Tikutsika mumsewu wa Mosi-oa-Tunya wanjinga wina anangodula kutsogolo kwanga, ine buleki gwa, chigubu phuu, masese kumaso, m'makutu, mpaka m'nsapato, galimoto n'kukagunda mtengo wamagetsi. Mwayi wake palibe anavulala.

Wapolisi wapamsewu yemwe anafika anali bambo wamtali wosadziwa kuseka. Anandipeza ndikununkha ngati shabini, maso ali psuu chifukwa cha masese aja, komanso ine ndikapsa mtima ndimachita chibwibwi. Nanga inu mukanakhala iye mukanaganiza chiyani? Anandiuza kuti akundimanga pondiganizira kuti ndimayendetsa galimoto nditaledzera, ndipo poti kamakina kopumiramo poyeza mowa kanali ndi anzake kwina, tipite kuchipatala msangamsanga akanditenge magazi, chifukwa akuti mowa suchedwa kuchoka m'thupi. Ndinayamba kuwiringula, iye n'kundichenjeza kuti kukana pakokha ndi mlandu. Ndinakwera galimoto yawo ndikumutukwana chamumtima, ine mkulu wa mpingo wathunthu.

Kuchipatala ndinaona kuti zinthuzi zili ndi dongosolo lake. Wapolisi sagwira jakisoni, amangoima potero ngati mboni. Dokotala anandifunsa kaye ngati ndikuvomera, kenako anatsuka pamkono ndi madzi ndi sopo, osati sipiriti, poopa kuti sipiritiyo angasokoneze zotsatira. Magaziwo anawagawa m'timabotolo tiwiri n'kutimata bwinobwino ine ndikuona. Kena kanapita ndi wapolisi kuti kakapimidwe ku Lusaka, kena anandipatsa ine, akuti ndi ufulu wanga, ndikadzakayikira zotsatira za boma ndikhoza kukapimitsa pandekha, bola ndikasunge pozizira osakatsegula. Anandipatsa belo ya kupolisi, wamtali uja n'kundilembetsa nambala yake mufoni kuti ndizifunsa za tsiku la kukhoti.

Kunyumba ndinafotokozera mayi a kunyumba zonse, ndipo tinagwirizana kuti nkhaniyi isatuluke pakhomo, anthu angamve kuti mkulu wa mpingo ali pamlandu wa mowa. Kabotolo kaja tinakakulunga m'pepala n'kukaika kuseri m'firiji. Tsono firiji ya kukomboni si ya munthu mmodzi, abale anga. Wina amabwera ndi nsomba zake, wina ndi mkaka wa mwana, ena amangolowa okha n'kutsegula ngati kwawo, ndipo kumana mnzako firiji ndiye kuti wadzichotsa pagulu. Kuwonjezera apo, akazi anga amagulitsa tizakumwa toundana ta m'mapulasitiki kwa ana asukulu, ndipo tomwe timayenda malonda kwambiri ndi tofiira.

Masana ena akazi anga ali kumsika, ine ndikugona poti galimoto inali kugalaja, mayi woyandikana nafe analowa kudzatenga nsomba zake. Pofunafuna anagwetsa kapepala kaja. Ndinangodzidzimuka ndi mfuu, potuluka ndinaona mayiyo ali liwiro la mtondo wadooka, kabotolo kali m'mwamba, akukuwa kuti ba elida, kutanthauza ine mkulu wa mpingo, ni ba satanisti, bamaika magazi mu vakumwa va bana. Ndinayesa kumuitana, koma chibwibwi chinandigwira pakhosi, mawu osatuluka.

Nyengo imeneyo n'kuti mphekesera za anthu opopa magazi zili mkamwamkamwa m'makomboni onse. Posakhalitsa pabwalo panga panali anthu piringupiringu, ena osadziwa n'komwe chomwe chachitika. Wina ankati n'chifukwa chake takisi yanga sinkasowa makasitomala, wina ankati mwana wake anadwala m'mimba atamwa tofiira tija, mayi wina n'kuyamba kusanzitsa mwana wake pomwepo. Ndinathawira m'nyumba n'kukhoma. Miyala inayamba kugwa padenga ngati matalala, galasi la pawindo phwaa, ndipo nditasuzumira ndinaona anyamata akugudubuza tayala, wina atanyamula kachigubu ka petulo. Ndinadziwa kuti lero ndafa imfa yagalu. Pemphero lomwe ndimatsogolera Lamulungu lililonse linandithawa m'mutu.

Ndiimbire ndani? Ndinaimbira munthu yemwe ndinakhala ndikumutemberera masiku onsewo, wapolisi wamtali uja. Sindikudziwa kuti anamva bwanji chibwibwi changa, koma anamva, ndipo anafika ndi anzake chitseko chitayamba kale kulira ndi zidendene za anthu.

Anaima pakhonde n'kukweza mawu m'chinyanja cha m'tauni muno, akuti uyu muntu ni wake, anamugwira yeka, magazi aya ni ya mwine wake, yanachosedwa ku chipatala pa mulandu woyendesa motoka ali wokolewa. Ine m'nyumba mtima unayamba kutsika. Koma mayi wina wa kutchalitchi kwathu komwe anakuwa kuti ni boza, ba elida sibamwa moba olo pang'ono, komboni yonse iziba, ndiye kuti ba polisi nabo badyesewa ndalama. Khamu linayambiranso kuwira, tayala lija n'kusendera pafupi. Mwamva zimenezo? Mbiri yanga yabwino, yomwe ndinaisamala moyo wanga wonse, ndi yomwe inkandipha.

Apo m'pamene ndinakakamira zitsulo za pawindo n'kukuwa ndi mphamvu zanga zonse, ndipo chodabwitsa chibwibwi chinatheratu. Ndinati ndimamwa, ndakhala ndikumwa mobisa zaka zonsezi, masese, kachasu, chilichonse chondipeza, ndine chidakwa chotheratu, ndipo ndinatulutsa mkono kuti aone pomwe panalowa jakisoni. Kenako bambo wina kumbuyo anaphulika nako kuseka, akuti iye anali kuziba kudala kuti aba ba elida ni ba chakolwa, ndipo phwete linafalikira bwalo lonse. Amayi ankawomba m'manja, anyamata a tayala aja akugwirana m'mapewa misozi ili mbwe. Anthu omwe ankafuna kundiwotcha anapeza nkhani yokoma kuposa moto, ndipo apolisi ananditulutsa pakati pa chiseko n'kundikweza galimoto.

Tili m'njira wamtali uja anandiuza kuti mawu omwe ndinakuwawo akhoza kundimangitsa kukhoti, koma iye sanamve kanthu chifukwa cha phokoso. Aka kanali koyamba kumuona akumwetulira.

Kabotolo kanga anthu anakaswa tsiku lomwelo, choncho ndinatsala ndi ka boma kokha, ndipo miyezi yodikira ija ndinaonda. Zotsatira zitabwera zinaonetsa kuti m'magazi mwanga munalibe mowa ngakhale dontho, woweruza n'kundimasula. Kutchalitchi anali atandiimitsa, ndipo anandibwezera paudindo atamva za kukhoti. Koma kukomboni ndani amapita kukamvera chigamulo? Mpaka lero ndikamadutsa ena amandipatsa moni kuti ba chakolwa, ndipo ine ndimayankha ndi manja awiri, poti wotchedwa chidakwa amakhala ali moyo.

Chomwe ndimakhulupirira tsopano n'chakuti khamu silifuna choonadi, limafuna nkhani, ndipo mwini nkhani akakhala chete anthu amapeka yawo. Tsono inu anzanga, akadzakupatsani kabotolo kotere, musadzachite manyazi, uzani onse otsegula firiji yanu kuti ndi chiyani. Ndipo mukadzamva mfuu pakomboni, musanatole mwala yambani mwafunsa, chifukwa munthu ali kuseri kwa chitsekoyo mwina alibe bodza loti limupulumutse.