Lukiya ndi Mbalame za pa Chulu cha Netiweki

Tsiku limene anamutengera mwana, Lukiya sanalire. Anangoima pakhomo, foni ili m'manja, n'kumayang'ana achimwene ake, a Chande, akumangirira kachikwama ka zovala panjinga. Ramla, mwana wake yekhayo, wa zaka zisanu ndi chimodzi, anali atakhala kale pakaliyala, dzanja lamanzere lili m'bandeji.

"Sikuti ndikukulanda mwana, chemwali," anatero a Chande mosakweza mawu. "Ndikukamusiya kwa akulu ako ku Rivirivi. Mutu wako ukadzabwerera m'malo, nayenso adzabwera."

Inu amene mukuwerenga, musafulumire kuwada a Chande. Mverani kaye mmene zinayambira.

Lukiya anakwatiwa ndi Latifu m'mudzi wina kufupi ndi Nayuchi, ku Machinga, kumene madambo a mpunga amakafika mpaka kumalire a Mozambique. Monga anyamata ambiri a kumeneko, Latifu anapita ku Joni kukasaka ntchito. Chaka choyamba zinthu zinali bwinobwino. Anatumiza foni yamakono, ija yongoseretsa chala, kuti poyankhulana azionana nkhope. Koma netiweki m'mudzimo ndi yovuta. Imagwira pamalo amodzi okha, pa chulu chachikulu cha m'mphepete mwa dambo, mpaka anthu anachipatsa dzina loti Chulu cha Netiweki.

Kenaka Latifu anayamba kuimba mwa apo ndi apo. Mapeto ake kunangoti zii, nambala osapezekanso. Obwera kuchokera ku Joni ankanong'ona kuti mwamunayo anakwatira komweko, koma Lukiya sankafuna kumva zimenezo. Akangomaliza swala, pemphero la m'mawa, ulendo wa pachulu. Dzuwa lizimuwotcha, iye ali pompo, maso pafoni. Munda wa mpunga unadzala udzu. Thupi linatha, moti nsalu inayamba kumuzungulira kawiri m'chiuno.

Tsiku lina mayi ali pachulu, Ramla anamva njala n'kuganiza zodziphikira yekha phala. Poto anagudubuka, phala lamoto n'kumukhuthukira padzanja. Amene anathamangira naye kuchipatala anali anthu oyandikana nawo nyumba. Mayi ake anamva nkhaniyo masana, akutsika pachulu. Ndiye mukanakhala inu mwini mbumba, mukanatani?

Mwina mukuganiza kuti mwana atachoka, Lukiya anasiya kupita pachulu. Iyayi. Ndiye anachita kuwonjeza, chifukwa m'nyumba munali phee woopsa, ndipo kamphasa ka Ramla kankamuwawa kukaona.

M'mawa wina, dzinja lili pafupi, pachulupo panakwera mayi wina wovala jombo, magalasi oonera patali ali m'khosi. Dzina lake anali Judith, wa ku Liwonde, ndipo ankagwira ntchito kubungwe lina loyang'anira mbalame za m'madambo a Chilwa ndi Chiuta.

"Odi pachulu pano," anatero akupumira m'mwamba. "Andiuza kuti netiweki mumagawa ndinu."

Lukiya sanaseke. Anangosendera pang'ono kuti mlendoyo apeze pokhala. Judith anatumiza zimene ankafuna kutumiza, kenaka anamuyang'ana mayi wowondayo kwa kanthawi.

"Akuti mumakhala pano tsiku lililonse. Ndiye mbalame za m'dambo muno mumazidziwa zonsetu?"

"Sindiyang'ana mbalame ine. Ndimadikira foni."

"Foni ikalira mudzaimva ndi makutu, amayi. Nanga masowa akhaliranji pa ulova?"

Asanayankhidwe, Judith anamuonetsa kanthu pafoni yake. Inali pulogalamu, ija achinyamata amati apu, yolembamo mbalame zimene munthu waona. Ukaona mbalame umaisankha pa zithunzi, n'kunena kuti zinalipo zingati, ndipo foni imadziwa yokha malo amene waima. Ukatumiza, pamapu pamaoneka kadontho, ndipo anthu a dziko lonse lapansi amatha kukaona. Judith anatambasula mapuwo ndi zala. Ku Liwonde kunali timadontho tothithikana. Ku Zomba chimodzimodzi. Koma atafika mbali ya Nayuchi, panali poyera.

"Kwathu kuno kulibe mbalame?" anafunsa Lukiya.

"Ziliko zambirimbiri. Kulibe wozinena."

Mawu amenewo anamulasa mtima Lukiya. Ankadziwa bwino kuwawa kwake kokhala uli moyo koma popanda wokutchula. Anazimvera chisoni mbalamezo, ndipo mwina kanali koyamba m'miyezi yambiri kuti amvere chisoni chinthu china osati iye mwini. Anapereka foni yake, Judith n'kumuikiramo apu ija. Pafupi pomwepo, pachithaphwi, panali nantchengwa akusakasaka achule. Lukiya anamupeza pa zithunzi n'kudina. Pamalo poyera paja panaoneka kadontho kamodzi, ndipo pansi pake panali dzina lake.

Musaganize kuti kuchokera pamenepo zonse zinangoti myaa. Sukulu Lukiya analekezera sitandade sikisi, pamene mayina a mbalame m'menemo anali a Chingerezi okhaokha, ena otalika oluma lilime. Ankadalira zithunzi, koma mbalame zina zimafanana ngati ana amapasa. Tsiku lina anaona kakowa wamba n'kusankha mbalame ina yoyera imene imapezeka kutsidya la nyanja zazikulu kokha. Munthu wina wakutali anamulembera mwaulemu, kufunsa ngati anaionadi. Judith atamumasulira uthengawo pafoni anaseka mpaka kutsokomola, koma Lukiya anachita manyazi kwambiri moti anaitaya ntchitoyo kwa masiku angapo.

Anthu a m'mudzi nawo sanamusiye. Kumjigo amayi ankati, "Uja wa mwamuna wa ku Joni uja tsopano akufunsira akakowa." Wometa tsitsi wa pa Nayuchi, amene ankamutchajira foni, nthawi zonse ankamufunsa ngati mbalamezo zayamba kumulipira. Ndipo mbiri itafika kwa a Chande, anangopukusa mutu, poganiza kuti misala ya mlongo wawo yangosintha mtundu.

Judith anamuimbiranso. "Amene salakwitsa ndi amene sakuyang'ana," anatero. "Mawa tsikirani m'dambo. Polemba sipafunika netiweki. Pachulu muzikwera potumiza basi."

Kanthu kameneka kakuoneka kakang'ono, koma ndi kamene kanamutsitsa Lukiya pachulu paja. Anayamba kulawirira m'dambo, kuyenda m'migula ya mpunga, matope mpaka m'maondo. Anaphunzira kuima duu osagwedezeka. Anadziwa kumene achiswankhono amakonda kutera, nthawi imene atsekwe amadutsa, ndi bango limene atchete amalukapo zisa zawo. Munthu woyenda amamva njala, choncho anayambanso kuphika ndi kudya. Ndipo poti njira ya m'dambo inkadutsa pamunda wake, tsiku lina anaima n'kuuyang'ana udzu uja, manyazi n'kumugwira. Mawa lake anabwera ndi khasu paphewa, foni ili m'chikwama.

Chimene ankaopa kwambiri chinali kuyankhula ndi Ramla. Akaganiza za dzanja lija, mawu ankamuthera. Ndiye tsiku lina anajambula chisa cha tchete n'kutumiza chithunzicho pafoni ya akulu ake ku Rivirivi, osalembapo kanthu. Patapita masiku awiri, atakwera pachulu kukatumiza mbalame zake, anapeza uthenga wa mawu.

"Amama, chisa chija ndachiona. Kunonso kuli mbalame ina ya mchira wautali, imatera pa mlambe wa kuseli kwa nyumba. Dzina lake ndani?"

Apo ndiye Lukiya analira. Misozi imene inakana kutuluka tsiku la njinga lija inatuluka yonse, ali yekha pamwamba pa chulu. Anamvera uthengawo mobwerezabwereza mpaka batire linatha. Kuyambira pamenepo mayi ndi mwana ankatumizirana mbalame. Za dzanja sankazikamba, za ku Joni sankazitchula, ankangouzana kuti lero ndaona yakuti, inali kuchita zakuti.

Panali mbalame imodzi imene Lukiya anaikonda kuposa zonse, namzeze uja amadzaza mlengalenga nthawi ya mvula. Judith anamuonetsa pamapu kuti ambiri mwa anamzeze amenewa amachokera ku Ulaya, ndipo timadontho ta anthu owaona timatsika pang'onopang'ono, dziko ndi dziko, mpaka kufika kuno. Mpunga utayamba kucha, anamzezewo anasowa m'dambo. Lukiya anada nkhawa.

"Kodi amabweranso?" anafunsa.

"Chaka chilichonse," anayankha Judith. "Inu muzingogwira ntchito zanu. Akafika mudzawaona."

Chaka chimenecho Lukiya anakolola mpunga wake yekha. Bungwe lija litaona kuti mayi wa ku Nayuchi amatumiza mbalame mosadumphitsa, linamutenga kuti azithandiza nawo pa kalembera wa mbalame za m'madzi, n'kumamupatsa kangachepe. Linamubwereka ndi magalasi oonera patali omwe. Alendo ena okonda mbalame anayamba kufika mpaka kumeneko, atakopeka ndi timadontho take, ndipo wowayendetsa m'dambo anali iye. Amayi awiri mwa aja ankamuseka kumjigo anabwera mwakachetechete kudzapempha kuti awaphunzitse. Sanawakumbutse zakale, anangowauza kuti abwere ndi nsapato zosaopa matope.

Koma Ramla anali adakali ku Rivirivi, ndipo kwa Lukiya zonsezi popanda mwanayo zinali zosakoma.

Mvula yoyamba ya dzinja lotsatira itagwa, a Chande anafika m'mawa osanena. Anati akufuna kuona okha zimene mlongo wawo amachita m'dambomo. Anayenda naye mpaka dzuwa litakwera, buluku atapinda, akudandaula za misundu. Anaona munda wolimidwa bwino, nazale ya mpunga itamera kale. Pomaliza anakwera naye pachulu, ndipo Lukiya anatumiza zimene analemba. Asanatsike, a Chande anatulutsa foni yawo.

"Chemwali, kwabwera mnyamata wina kuchokera ku Joni. Wandipatsa nambala yatsopano ya Latifu. Netiweki ndi iyi. Ndikupatse?"

Kunena zoona, mtima wa Lukiya unagunda, pakuti munthu amene unamukonda sachoka msanga m'chifuwa. Anayang'ana foni imene Latifu anatumiza ija, galasi lake litang'ambika pakona. Anayang'ana malo amene ankakhala masiku aja, pomwe udzu unali utayambanso kumera.

"Isungeni, achimwene," anatero. "Ramla akadzakula n'kufuna bambo ake, mudzamupatse. Ine ndinadikira pano mpaka mwana wanga anapsa. Zinakwana."

A Chande anabweza foni m'thumba. Anatsokomola, n'kuyang'ana kumbali kwa nthawi yaitali, ngati kuti nawonso ayamba kuwerenga mbalame.

"Sukulu akutsekera sabata yamawa," anatero. "Ukamutenge wekha. Asabwere panjinga ya ine mjomba wake ngati mmene anapitira."

Lukiya anakwera sitima pa Nayuchi, kudutsa Liwonde mpaka pa Balaka, kenaka kabaza mpaka ku Rivirivi. Anamupeza Ramla ataima pansi pa mlambe uja, atatalika, mano akutsogolo atamera ena. Mwanayo sanathamange. Anayenda pang'onopang'ono, dzanja lamanzere atalibisa kumbuyo. Mayi ake anagwada pafumbi pomwepo, n'kulitenga dzanjalo, n'kuliyang'ana chipsera chonse osathawitsa maso.

"Undikhululukire, mwanawe. Ndinakusiya wekha."

"Silipwetekanso, amama," anatero Ramla. "Tiyeni mukaone mbalame ija. Imabwera dzuwa likapendeka."

Atabwerera kwawo, m'mawa woyamba Ramla anakakamira kupita nawo m'dambo. Pobwerera, atafika pansi pa chulu, mwanayo anaima. Anachikumbukira chulucho, ndipo nkhope yake inagwa.

"Amama, mumadikirabe ababa pamenepa?"

"Iyayi. Tikwera limodzi, titumiza, titsika limodzi. Phala ndikakuphikira ndine."

Anakwera atagwirana manja. Pamwamba pa dambo anamzeze anali ponseponse, akuuluka motsika kusaka tizilombo, atabwera kuchokera kutali kuja. Lukiya anawalemba, kenaka anapereka foni kwa mwana wake n'kumuonetsa podina. Ramla anadina ndi chala cha dzanja lachipsera lija, ndipo pamapu panaonjezereka kadontho kena.

Lero mukatsegula mapu amenewo mbali ya Nayuchi, simupezanso poyera. Lukiya sanalemere, musamve molakwa. Nyumba ndi yomwe ija, foni ndi yomwe ija yong'ambika pakona. Koma mwana wake amagona m'nyumba mwake, ndipo m'mawa amadya asanapite kusukulu.

Mwina nanunso muli ndi chulu chanu chimene mwakhalapo nthawi yaitali, kudikira munthu kapena uthenga umene sukubwera, kwinaku kunyumba zinthu zikupsa. Sindikunena kuti kuwawako n'kwabodza. Ndikungoti kwezani maso muone chimene chili pafupi nanu, ngakhale chikhale chaching'ono ngati nantchengwa pachithaphwi, muyambire pomwepo. Mtima wanu musautaye, abale anga. Tsikani pachulupo, kunyumba kuli amene akukudikirani inuyo.