Kupemphera osatsinzina

Lachiwiri mvula inandipeza pa njinga ndikuchokera ku Makuzi, ndipo denga lapafupi linali la katchalitchi ka Akatolika. Ine ndinakulira mumpingo wa makoma oyera, opanda chithunzi ngakhale chimodzi. Kwathu ukamva kuti "tipemphere", umatsinzina basi. Choncho ndinalowa monyang'ama, ngati ndikulowa kuchipinda kwa eni.

M'katimo munali munthu mmodzi yekha, Anyamanda, amene amachapa zofunda pa loji ina kugombe. Anali phee pabenchi, maso ali pa thabwa losemedwa kukhoma: Mariya atafukata mtembo wa Yesu.

Koma Mariya wake anali wakonkuno. Duku kumutu, chitenje m'chiuno, zidendene zong'aluka ngati za mayi wolima chinangwa. Yesu nayenso wosemayo anampatsa mapewa a munthu wopalasa bwato, tsitsi litamatirira pamphumi ngati angomuvuula kumene m'madzi.

"Ada, khalani pansi," anatero osacheuka. "Imeneyi sikata msanga."

Ndinakhala. Malata ankalira, kuwala kotuwa kukulowa pawindo. Nditayang'anitsitsa, ndinayamba kuona ngati chifuwa cha Mariya chikukwera ndi kutsika.

"Wanga sanamupeze," Anyamanda anayankhulanso. Mwana wawo, Yotamu, anapita kukapha usipa tsiku la mphepo ya mwera, bwato n'kubwerera lokha. "Mawu opempherera anandithera pa maliro opanda mtembo aja. Ndiye ndikaweruka ndimabwera kuno. Mayi uyu anamugwira wake. Ndikamuyang'ana nthawi yaitali, manja angawa amalemera, ngati nanenso ndamunyamula."

Kenako anandiuza chimene chinkawasowetsa mtendere. Komiti ya tchalitchi inkafuna kutsitsa mathabwa onse osemedwa a m'tchalitchimo. Ati ndi achikale, ati Yesu akuoneka ngati msodzi. Wina anali atabweretsa kale zithunzi zonyezimira kuchokera ku Mzuzu.

"Akachotsa, ine ndizikakhala pati?"

Ndinayang'ananso thabwalo, ine amene ndinazolowera kunena kuti zonsezi ndi mafano.

Abale anga otsinzina, tiyeni tiuzane zoona. Tikatseka maso, mumangokhala mdima wokhawokha? Ine ayi. Ndimaona Yesu wa pakalendala ya m'sitolo, wa tsitsi la mzindo, khungu losapsapo ndi dzuwa. Chithunzi ndili nacho ndithu, kungoti changacho sichipachikidwa pa msomali. Ndipo sindinachisankhe ndekha.

Anyamanda sankapembedza thabwa. Thabwalo linkangowagwirira pemphero limene pakamwa panalephera kutchula.

Dzulo ndinakumana nawo pamsika wa Chintheche, akugula sopo. Akuti komiti itakumana inapeza amayi anayi, kuphatikizapo iwowo, atakhala pansi pa thabwa lija, onse otaya amuna kapena ana panyanja. Ngakhale Anyamanda sankadziwa kuti enawo amabweranso, aliyense pa nthawi yake. A tcheyamani anatsokomola, n'kuyang'ana pansi, kenako n'kulamula kuti zithunzi zatsopanozo zipachikidwe kukhoma linalo.

"Tsopano Ayesu alipo awiri," anatero akuseka. "Wa ku Mzuzu ndi wathu."

Inu amene mukukonzekera kupenta tchalitchi chanu ndi kutaya zakale, musanazule msomali, mwafunsapo kuti amakhala pansi pake ndani, inu mukakhala kulibe?