Chikwama cha Maambulera cha a Overtone

Bambo wawo wa a Overtone Kalilangwe anachoka ku Dedza wapansi, atanyamula mkeka ndi nkhwangwa basi, n'kudzafika ku Kafue nthawi imene azungu ankamanga mlatho wa njanji. Mwana ndiye sanatengere. A Overtone anabadwira m'komboni, anakulira momwemo, anakwatira momwemo, ndipo ulendo wautali umene miyendo yawo inkaudziwa unali wochoka pakhomo kukafika kuhotela ya pafupi ndi siteshoni, kumene ankaperekera zakudya. Anali munthu wamtali, wa miyendo ngati ya kakowa, wokonda galasi kuposa khasu. Chilichonse chimene amva kwa azungu patebulo ankabwera nacho kunyumba chili chotentha, n'kudzachikhuthulira mkazi wawo Clementina ngati kuti achitulukira okha.

Clementina anali wosoka. Anali ndi makina opukusa ndi dzanja pakhonde, ndipo mayunifolomu a ana a m'kombonimo ambiri anadutsa m'manja mwake. Amuna ake ankawadziwa kunja ndi mkati. Akayamba kuyankhula, iye ankangoluma ulusi n'kumapitiriza ntchito.

Federeshoni ya maiko atatu itangoyamba, ku Kafue kunkabwera azungu oyeza malo. Ankagona kuhotela kuja, m'mawa n'kulowera kumapiri kumene mtsinje umapanikizika pakati pa miyala. Tsiku lina awiri a iwo anakangana patebulo za zikwama zawo zoberekera kumsana. Wina ananyamula chake ndi chala chimodzi kuti mnzake aone kupepuka kwake. A Overtone anali ataima pambali ndi tiyi m'manja, kukamwa kuli yasa, mpaka tiyi anazizira.

"Amake Martina," anatero atafika kunyumba, "mukudziwa chimene chimapha anthu paulendo? Si njala ayi. Ndi chola cholemera."

"Ulendo wake uti umene munayendapo inu?" anafunsa Clementina osadzutsa mutu.

"Ndiyenda. Chaka chino ndipita ndi alamu kuchigwa."

Alamuwo anali Kizito, mchimwene wake wa Clementina. Chilimwe chilichonse Kizito ndi mnzake Jethro, munthu wa mtundu wa Chisoli wa kumtsinje, ankadutsa m'mapiri kutsikira kuchigwa cha Zambezi atasenza mchere ndi sopo, n'kukasinthanitsa ndi fodya. Unali ulendo wogona m'tchire, wopanda msewu, wodalira madzi a m'zithaphwi. Iwo katundu ankangomukulunga m'saka, kumanga ndi luzi, n'kuika pamutu. Kizito atamva kuti alamu ake akufuna kupita nawo anaseka, kenako anati abwere.

Koma chaka chimenecho a Overtone sanapite, chifukwa chikwama choyenera chinali chisanapezeke.

Choyamba chinachokera kwa a Ferdinand, msilikali wakale amene anamenya nkhondo ku Bama. Chinali cha tenti yobiriwira, cha malamba okhuthala ndi zomangira zamkuwa, ndipo chinali chitayenda m'nkhalango zimene a Overtone sangazilote n'komwe. A Ferdinand anangoti atenge, adzabweze akabwerako. A Overtone anachitengera kubutchala, anachikoloweka pa sikelo yoyezera nyama pakati pa ntchentche, anayang'ana singano ya sikeloyo, n'kupukusa mutu ngati dokotala. Anachibweza tsiku lomwelo.

"Chola ichi chinanibweretsa wamoyo," anatero a Ferdinand.

"Nkhondo ndi nkhani ina, ba Ferdinand. Ine ndikunena za sayansi."

Jethro anawabweretsera thumba la chikopa cha mbuzi, lofewa, losalowa madzi, lopepuka ndithu. A Overtone analigwira ndi nsonga za zala n'kunena kuti munthu wovala taye sangabereke mbuzi. Anayesa sutikesi yamakatoni atabowola kumbuyo n'kulowetsa chingwe, anazungulira nayo komboni, ngodya zake zinawatupitsa nthiti. Anayesa saka la ufa, akuti limanunkha chigayo. Kwa mmwenye wa sitolo anapitako mpaka mmwenyeyo akawaona akubwera ankalowa kuseri. Zilimwe zinadutsa. Kizito ndi Jethro ankapita n'kubwera, kupita n'kubwera, pamene a Overtone anali pakati posankha. Anthu akawafunsa za ulendo ankayankha kuti munthu wanzeru sathamanga.

Nzeru yomaliza inawabwerera m'dzinja, ataona madzi akutsetsereka pa ambulera ya mlendo wina. Nsalu yopepuka, yosalowa mvula! Anayamba kutolera maambulera othyoka, ena otayidwa kuhotela, ena kusiteshoni. Atapereweza, anadikira Clementina apite kumsika, natenga ambulera yake yakuda imene ankapita nayo ku Misa, n'kuisenda. Clementina pobwera anapeza nthiti zokhazokha zitatsamira pachitseko.

Anaima n'kuziyang'ana. Ambulera imeneyo anamusiyira malemu mayi ake. Anafuna kulira, koma mkwiyo unafika msanga kuposa misozi.

"Bambo a Martina, mutu wanu uli bwinobwino?"

"Ndidzakugulirani ina ndikagulitsa fodya. Inu ingosokani."

Clementina anati sasoka. Anakana Lamlungu, anakana Lolemba. Koma a Overtone anamukhalira pakhonde, kujambula chikwamacho pansi ndi kamtengo, kufotokozera aliyense wobwera kudzayeza diresi, mpaka amayi ena anasiya kubwera. Pomaliza anatenga nsaluzo n'kuzilumikiza, mtima uli waa. Anawauza kuti pansi pake pafunika chigamba cha tenti, ndipo m'mapewa mufunika malamba achikopa okhala ndi thonje mkati. A Overtone anati zimenezo ndi zolemera. M'malo mwa malamba anabweretsa mataye awo akale awiri.

"Chabwino," anatero Clementina. "Msana ndi wanu."

Chikwamacho chinatuluka chakuda, chonyezimira, chokhala ndi chigamba chimodzi chamaluwa ofiira pambali. Atachikoloweka pa sikelo ya kubutchala, singano sinagwedezeke. A Overtone anaitana anthu odutsa kuti adzaone.

Kulongedza kunali chionetsero china. Bulangete analitulutsa, akuti limalemera ngati mwana wa ng'ombe, m'malo mwake anaikamo nsalu yoyera yapatebulo imene kuhotela anaitaya. Mphika anausiya poti alamu ali nawo. Supuni anaidula chogwirira. Koma galasi analowa, chipeso chinalowa, mafuta a tsitsi analowa, pamodzi ndi jekete yawo yoyera yantchito, poti anthu a kuchigwa ayenera kudziwa kuti kwabwera munthu wa m'tauni. Pamwamba pa zonsezo anaika ufa wa nshima ndi mchere wokasinthanitsa. Unali mwezi wa Juni, mphepo ikuluma makutu. Clementina anatenga bulangete lija n'kuwaponyera pamapazi. Iwo analidumpha.

Ananyamuka m'mawa, komboni yonse ikuonerera. Kizito ndi Jethro anali patsogolo ndi masaka awo pamutu, a Overtone pambuyo akugwedeza dzanja mbali zonse ngati bwanamkubwa.

Kunyumba kunakhala bata. Clementina anasoka mwamtendere, anthu ake anabwereranso, ndipo ankadzidabwa kuti madzulo ankayang'ana kunjira ya kumapiri kawirikawiri. Tchuthi chimene a Overtone anapempha kuhotela chinatha iwo asanabwere. Kapitawo anatuma munthu kudzafunsa, kenako sanatumenso.

Masana ena Kizito anatulukira yekha pakhonde, atada ndi fumbi, natula mtolo wa fodya. Clementina anaimirira msanga.

"Achimwene, alamu anu ali kuti?"

"Ali moyo, mlongo, khala pansi. Abisala kuseri kwa chulu uko pafupi ndi njanji. Akuti uwatumizire buluku."

"Limene anavala lija lili kuti?"

Kizito anapempha madzi, anamwa, n'kuyamba kufotokoza, akudukiza ndi kuseka. Asanafike n'komwe paphiri loyamba, mataye aja anali atapotana ngati zingwe n'kuyamba kudya mapewa. A Overtone ankayenda atalowetsa zala pansi pake, osadandaula, poopa kusekedwa. Kutazizira anadzikulunga m'nsalu yapatebulo, mano akugundana, mpaka Kizito anawagawira theka la bulangete lake, iye n'kutsala miyendo pamtunda. M'mawa mwake analowa m'tchire la kankhande. Masaka anadutsa bwinobwino, koma minga inakonda nsalu ya ambulera. Jethro atacheuka anaona mzere woyera ukutsika phiri lonse kumbuyo kwawo.

"Ndiye Jethro akuti, ‘Ba Overtone, ni shani apa, n'chiyani ichi, mulemba njira?’ Alamu kucheuka, chola chinangoti phwaa! Galasi uko, chipeso uko, mchere m'miyala."

Anatola zimene zikanatoleka. Masaka a awiriwo anali odzaza kale, motero Jethro anawauza kuti avule buluku, amange miyendo yake kumapeto, athiremo ufa ndi mchere wotsalawo, n'kulikoloweka m'khosi. A Overtone anakana, anakalipa, anatchula ulemu wawo. Awiriwo anasenza katundu n'kuyamba kuyenda. Patapita kanthawi anamva mapazi kumbuyo. Anali alamu, buluku lili m'khosi, nsalu yapatebulo m'chiuno, jekete yoyera pamwamba.

"Titafika kuchigwa," anatero Kizito akupukuta misozi, "amayi a kumeneko ataona zoyera zokhazokha anayesa ndi m'busa. Wina anabweretsa mwana wodwala kuti amupempherere. Ndipo alamu anapempheradi, m'Chingelezi cha kuhotela."

"Nanga pobwerera sakanavala bulukulo?"

"Analisiya pansi pogona. Chiswe chinadya kumbuyo konse."

Kuchedwa konseko n'chifukwa cha iwo, anatero Kizito. Mapazi anatupa, ndipo paphiri lililonse ankakhala pansi n'kunena kuti awasiye afere pomwepo.

Clementina anacheukira m'nyumba. Buluku lina linalipo m'nyumba, lochapa, losita. Anayang'ana nthiti za ambulera zimene zinali zikadali pakona.

"Popita anatsazika komboni yonse," anatero. "Abwere adzaipatsenso moni."

"Mlongo, usatero."

"Ndatero."

A Overtone anadikira kuseri kwa chulu mpaka njala inawakulira. Anatulukira dzuwa likadali pamwamba, nthawi imene amayi amachokera kumpopi. Ana anawaona poyamba. Pofika pakati pa komboni anali ndi gulu kumbuyo, ena akuimba nyimbo ya ukwati chifukwa cha nsalu yoyerayo. A Ferdinand anaimirira pakhomo pawo n'kuwachitira sawasha. A Overtone anayenda mutu uli m'mwamba, buluku la fodya wochepa likulendewera pachifuwa, ndevu zili nyankhalala, osayang'ana kumanja kapena kumanzere.

Atalowa m'nyumba anakhala pamphasa n'kuvula jekete. Apo ndi pamene Clementina anaona mapewa. Munali mizere iwiri ya zilonda, yofiira, yotuluka mafinya, nsalu itakanirira. Mawu amene anawakonzera masana onse anamuthawa. Anatereka madzi, anathiramo mchere, nayamba kutsuka. A Overtone ankalira ngati mwana.

"Mukanangonditumizira buluku, amake Martina."

"Khalani bwino, ndikupwetekani."

Anawaphikira, anadya mpaka thukuta. Clementina anaganiza kuti mwina tsopano munthuyu waphunzira. Koma mimba itadzaza, a Overtone anatsamira khoma, natokosa m'mano, n'kunena kuti vuto silinali nsalu ayi, unali ulusi. Ulusi wa masiku ano ndi wosalimba, ndipo osoka ena amathamanga. Clementina anatola mbale n'kutuluka panja asanachite tchimo.

Ntchito ya kuhotela a Overtone anapeza atalemba wina. Anayesa kufunsa kunjanji, anayesa kumafamu a azungu, koma kulikonse mbiri inali itafika kale, ndipo dzina lawo linali litasanduka Ba Ambulera. Clementina anayamba kukazinga zitumbuwa m'mawa asanakhale pamakina, n'kuwapatsa beseni kuti azikagulitsa kusiteshoni sitima ikaima.

Kumeneko a Overtone anapeza chimene ankachifuna moyo wawo wonse: anthu atsopano tsiku lililonse, osadziwa kanthu za iwo. Ankaima pansi pa zenera la sitima, kuyang'ana katundu wa apaulendo, n'kuyamba kuwalangiza. Uyu walemetsa, uyu wamanga molakwika, uyu sangafike nazo patali. Kenako inkabwera nkhani ya kuchigwa, imene inkakula chaka ndi chaka. Munalowa njovu, munalowa mkango umene unang'amba chikwama ndi chikhadabo chimodzi, ndipo mwana wodwala uja anadzuka n'kuthamanga pemphero lisanathe. Anzawo ogulitsa ankamaliza mabeseni awo n'kubwerera, iwo akadali pa njovu.

Federeshoni inatha, mbendera zinasintha, Martina anakula n'kukwatiwa ku Mazabuka, a Overtone osayendanso ulendo, ngakhale wongodutsa mlatho. Tsiku lina anabwera kunyumba beseni likadali lodzaza, zitumbuwa zitauma, nkhope ikuwala. Anati m'sitima munali mphunzitsi wa ku Kabwe amene anamvetsera nkhani yonse, ndipo ananena kuti munthu ngati iwo ndi wosowa m'dziko muno.

Clementina anavundukula beseni, anayang'ana, navundikiranso.

"Sitima ya ku Livingstone ifika dzuwa likapendeka," anatero. "Bwererani. Ndipo mukafika, pakamwa pazituluka mawu amodzi okha: zitumbuwa."

A Overtone ananyamula beseni. Asanafike pampopi anakumana ndi mlendo wosenza mtolo, ndipo Clementina ali pakhonde anawaona akutula beseni pansi.