Sutikesi ya Mudzi Wonse

Inu amene munayesapo chinthu n'kugwa chagada anthu akuonerera, imvani nkhani ya Nélida Huaroc.

Tsiku limene ndege inamusiya, Nélida anakhala pansi m'bwalo la ndege ku Lima, sutikesi ili yasa patsogolo pake. Munali mbira zowotcha zokulunga m'mapepala, tchizi, chimanga chokazinga, uchi, ndi juzi yaubweya ya munthu amene iye sanamuonepo n'komwe. Zipanda zake, zimene ankayendera ulendowo, zinali zitapanikizika pakona. Anthu ankamulambalala atagwira mphuno, iye akulira mosabisa.

Nélida anali wa ku Cochas, kufupi ndi Huancayo. Bambo ake anamusiyira ng'ombe imodzi ndi luso limodzi: kutenga chipanda chouma n'kuchizokota ndi kachitsulo kosongoka mpaka pakhale anthu akuvina, akukolola, akukwatirana. Iwo atamwalira, iye ankayala zipandazo pamsika wa Lamlungu, koma ogula ankanenerera mtengo ngati ndi tomato wofota. Mchimwene wake anali atamupezera kale ntchito yochapa m'hotela ku Lima. Akanapita kumeneko, luso la bambo ake likanathera pomwepo.

Kenaka mwayi unamugwera. Mayi wina wa ku Italy, dzina lake Ornella, amene ankakonza nawo chionetsero cha zaluso ku Milan, anaona zipandazo n'kumuitana. Malo oyalapo anali aulere, koma ulendo unali wodzilipirira. Nélida anagulitsa ng'ombe ija, natsegula foni, nasankha tikiti yotchipa kuposa onse. Timawu ting'onoting'ono ta m'munsi sanatiwerenge. Safunsa anadya phula.

Kwathu kuno munthu sapita kunja yekha. Ikangomveka mbiri yoti wakuti akuuluka, aliyense amene ali ndi mwana kumeneko amabwera ndi kaphukusi, ndipo onse amanena zofanana: "N'kakang'ono, sikakulemera." Kukana n'kudana ndi mudzi. Ku Milan kuli ana a kwathu ambirimbiri, osamalira okalamba ndi okolopa m'maofesi. Woyamba kufika anali Mayi Eufemia, amene anamuimira Nélida paubatizo, atanyamula mbira za mwana wawo Edilberto. Ena onse anatsata m'mapazi mwawo. Nélida analandira zonse akumwetulira, mtima ukulira.

Ku Lima, mtsikana wolandira katundu anayang'ana tikiti, nayang'ana sikelo.

"Mayi, tikiti yanuyi ndi ya inu ndi kachikwama ka m'manja basi. Sutikesi imalipiridwa payokha, ndipo iyi yapitirira. Mwaikamo miyala?"

"Ndi mbira za Mayi Eufemia."

"Nyama ndi tchizi sakakulolani kulowa nazo. Tayani, mulipire sutikesi, muthamange."

Wina akanataya n'kuthamanga. Koma Nélida analeredwa kuti chinthu cha mwini sichitayidwa mwini asanavomere. Anakhala pansi n'kuyamba kuimbira foni eni maphukusi mmodzimmodzi. Wina anali kumunda, wina anati adikire afunse kaye amuna ake. Pamene ankadzuka, kolandirira katundu anali atatseka. Tikiti yotchipa simasinthidwa tsiku, ndipo sabweza kanthu. Ng'ombe ya bambo ake inauluka yokha.

Anabwerera ku Cochas pabasi ndi sutikesi yomweyo, n'kugawira aliyense phukusi lake. Anthu athu samenya munthu wogwa, amangomupatsa dzina. Kuyambira tsikulo anakhala "Mtaliyana."

"Mtaliyana, nanga kunja kuli bwanji?" ankafunsa amayi a pamsika.

Mayi Eufemia nawo sanamusiye. "Mbira zanga zakaona Lima n'kubwerako. Zayenda kuposa mwini wake."

Zinamupweteka kwambiri, moti anatha masabata osagwira kachitsulo. Atalimba mtima n'kumuuza Ornella chilungamo chonse, yankho linali lalifupi: "Chaka chamawa malo ndikusungira. Ukadzalephera, ndipereka kwa wina."

Chaka chimenecho Nélida anagwira ntchito ngati alibe msana. Kuwonjezera pa msika wa Lamlungu, ankakazinga chimanga n'kugulitsa pamalo okwerera basi. Anafunsa aliyense amene anaulukapo, ngakhale omwe ankamuseka. Anaphunzira kuti mtengo umene umaoneka poyamba si umene munthu amalipira pomaliza, ndiponso kuti sutikesi imatchipa ukailipirira limodzi ndi tikiti. Anaphunzira kuti matikiti awiri osiyana, ngakhale atchipe bwanji, ndi msampha, chifukwa ndege yoyamba ikachedwa yachiwiri sikudziwa. Anaona kuti pasipoti yake ikadali ndi moyo wautali, nasunga pamodzi ndi kalata yomuitana ndi tikiti yobwererera. Sutikesi ankaiyeza pasikelo ya ogulitsa mbatatesi, iwo akuseka kuti Mtaliyana wayamba kugulitsa zovala pa kilo.

Koma zonsezo zinali zophweka. Chovuta chinali Mayi Eufemia.

Kutatsala masiku ochepa, anthu anadzazanso pakhomo ndi maphukusi, ngati chaka chatha sichinachitike. Mayi Eufemia anali patsogolo, mbira zikununkhira.

"N'kakang'ono, mwana wanga."

Nélida anakumbukira kuti manyazi anapha Lambe.

"Amayi, sinditenga."

Mayi Eufemia anakweza mawu.

"Iwe, ndinakunyamula m'manja awa kutchalitchi, ukundikodzera siketi yatsopano. Lero ukundikana pamaso pa anthu?"

"Sindikukanani, amayi. Mbirazo tidyera pompano, tonse. Edilberto ndamunyamulira china chopepuka."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi dengu la tizipanda ting'onoting'ono, tonga mazira a bakha. Chaka chonse ankatizokota mobisa, kamodzi pa banja lililonse lokhala ndi mwana ku Milan. Anatola kamodzi n'kupatsa Mayi Eufemia. Pamenepo panali nyumba yawo, khola la mbira, ndi iwo eni atanyamula chikuni akuthamangitsa galu.

Mayiwo anakatembenuza nthawi yaitali.

"Mphunoyi wakulitsa," anatero potsiriza, akupukuta m'maso ndi mpango. "Tsegulani mbirazo, anthu inu, zikuzizira."

Ulendo uno Nélida ananyamuka kudakali masiku, chifukwa msewu wa m'mapiri umatsekeka ndi matope mvula ikayamba. M'sutikesi munali zipanda zokhazokha. Zovala zonse anazivala pathupi: masiketi pamwamba pa masiketi, majuzi awiri, chipewa. Ku Lima kunkatentha, thukuta lili kamukamu, koma singano ya sikelo inaima pamalo pake. Ndege itanyamuka anagwira mpando mwamphamvu, napemphera, kenaka anaseka yekha mpaka woyandikana naye anasuntha pang'ono.

Tsiku loyamba la chionetsero linali lowawa. Anamuika pakona, pafupi ndi khomo lotulukira, ndipo anthu ankangodutsa osacheuka. Anayamba kuganiza za hotela ya ku Lima.

Tsiku lachiwiri linali Lamlungu, tsiku lopuma la ana a kwathu. Makolo awo anali atawauza kale pafoni kuti akalandire katundu. Anabwera chigulu, akuphokosera kuchokera kutali, patsogolo pali mwamuna wamimba wa mphuno ngati ya Mayi Eufemia.

"Achemwali, ndine Edilberto. Mbira zanga zili kuti? Ndagona ndi njala dala."

"Tinakudyerani, achimwene. Zinali zokoma."

Anamupatsa kachipanda kake. Edilberto anali asanaone mayi ake kwa zaka zambiri. Anayang'ana nyumba, khola, chikuni chija, ndipo munthu wamkuluyo analira ngati kamwana.

"Chikuni ichi ndikuchidziwa," anatero. "Sichinali cha galu yekha."

Ena onse analandira tawo. Panali kuseka, kulira, kuimbira makolo mafoni, wina mpaka anayambitsa nyimbo ya kwathu. Azungu ataona khamulo anabwera kudzasuzumira, ndipo wosuzumira aliyense ankachoka ndi chipanda. Chionetsero chisanathe, tebulo la Nélida linali mbee. Mwini sitolo wina wa mumzindawo anamupempha kuti azimutumizira zipanda chaka chilichonse.

Lero Nélida ali ndi nyumba yozokotera ku Cochas, mmene amaphunzitsa atsikana luso la bambo ake. Ntchito ya kuhotela ija inapita kwa wina. Dzina la Mtaliyana silinachoke, koma iye analilemba pachikwangwani cha pakhomo ndi zilembo zikuluzikulu. M'khola muli ng'ombe ina.

Inu amene ndege yanu inakusiyani, kaya inali mayeso, kaya geni, kaya ntchito, lirani ndithu, kulira sikuletsedwa. Mukatha, dzukani mufunse pamene munalakwitsa. Werengani timawu ta m'munsi, yezani katundu wanu, ndipo phunzirani kukana mwaulemu zimene zingakugwetseni, ngakhale zichokere kwa amene anakunyamulani paubatizo. Amene akukusekani lero ndi omwewo adzakuvinireni mawa. Musataye mtima, ndege ina ikubwera.