Kapoto ka ba Tate pa njinga ya Mubita

Mwachoma bwanji nonse.

Lero ndinaperekeza mlongo wathu Mubita kutauni kukasankha zophikira za pa ulendo wake wa ku Mongu. Paja akupita pa njinga yamoto, ndipo azigona m'tenti m'njira.

Mbaula tinaikana msanga. Makala amadya malo, komanso m'mawa imachedwa kuzizira, sungaimange yotentha pafupi ndi petulo. Anatenga kachitofu ka gasi kokwana m'manja, ndi kapoto kopepuka ngati chitini.

Titafika kunyumba ku Malota, ba Mama anagogoda kapotoko ndi chala, amvekere, "Aka kangapsereze ngakhale madzi." Analowa kuchipinda n'kutuluka ndi kapoto kakuda ka malemu ba Tate, kaja ankaphikiramo nsomba ku Zambezi, ka chogwirira chomanga ndi waya. Chichitikire maliro palibe anakakhudzapo.

Mubita akuti n'kolemera, ndiponso akuopa kuti kakagwa m'mabampu a ku Sesheke. Ba Mama akuti njira yakwawo kwa ba Tate kakuidziwa kale, sikangasochere.

Pano mapoto onse awiri ali patebulo. Ba Inonge, mwa ana tonsefe wamkulu ndinu: ka ba Tate kapite kapena katsale?