Nkhata ya Azungu

Lero mwana wanga wamanga zotetezera mawondo asanavale nsapato zake zamatayala. Fungo lake la kaunjika landibwezera ku Mtakataka.

Amalume anandigulira nsapato zotere pamsika. M'thumbamo munalinso zigoba ziwiri zakuda, zofewa mkati. Tonse tinazitembenuzatembenuza osadziwa ntchito yake.

"Ndi nkhata za azungu izi," anatero amayi, n'kusenzerapo ndowa kuchokera kumjigo, uku akudandaula kuti zimaterereka.

Ine ndinakwera patala wotentha, nsapato n'kundithawa, n'kugwa chogwada. Khungu linatsala pamsewu. Ndinkalira osamvetsa chomwe ndalakwitsa, amayi akutsuka mabalawo ndi madzi amchere ndi kundikakamiza kupinda miyendo kuti isaume.

Madzi aja anawasenza pa chinthu chomwe chikanapulumutsa mawondo anga.